Khutu likayambanso kulira munthu atazolowera kale

Kulira kwa m'makutu kuli ndi kachitidwe kena kofooketsa. Munthu amavutika nako miyezi ingapo, kenako n'kuzolowera, mpaka kumatha sabata yathunthu osakumbuka n'komwe kuti m'khutu mwake muli nyenje. Ndiyeno tsiku lina, mwina atachezera ku ukwati pafupi ndi masipika, mwina atangodzuka kumene pa malungo, phokoso lija labwereranso, ndipo ulendo uno likumveka ngati lakula. Ambiri amati kubwerera kumeneku kumapweteka kuposa poyamba paja, chifukwa kumadza ndi maganizo akuti khama lonse lija lalowa m'madzi. Kawirikawiri silinalowe m'madzi ayi, koma kuti zimenezi zimveke tiyenera kuona kaye chimene chinachitika pamene munthuyo anazolowera.

Kumudzi khutu likalira timati wina akukunena. Kuchipatala cha ku Ulónguè kapena ku Tete mukanena kuti zumbido no ouvido akumvani msanga, ndipo m'mabuku a zachipatala amalemba kuti tinnitus. Ndi phokoso limene munthu amalimva popanda chakunja chimene chikulira. Ena amamva ngati nyenje za m'chilimwe, ena ngati mluzu, ena ngati wailesi yosowa siteshoni. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya JAMA Neurology anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 14 pa 100 alionse padziko lonse ali nalo vutoli, ndipo pafupifupi 2 pa 100 limawasowetsa mtendere kwambiri.

Kuzolowera sikunali kuchira

M'kati mwenimweni mwa khutu, kuseri kwa mwinikhutu, muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi titsitsi, timene timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu, ukalamba ndi mankhwala ena zimawononga timaselo timeneti, ndipo tikafa sitiphukanso. Ubongo ukaona kuti uthenga wochokera kukhutu wachepa, umachita ngati munthu amene wailesi yake ikumvekera patali: umakweza voliyumu. Pokwezapo umakwezanso mkokomo wa minyewa yeniyeniyo, ndipo mkokomo umenewo ndi umene munthu amaumva. N'chifukwa chake kuliraku kumatha kupitirira ngakhale mtsempha wa khutu utadulidwa pa opaleshoni.

Mkokomo woterewu pafupifupi aliyense ali nawo, kungoti umaphimbika. Mu 1953 akatswiri awiri, Heller ndi Bergman, analowetsa anthu 80 omva bwinobwino m'chipinda chosalowa phokoso kwa mphindi 5, ndipo 94 pa 100 alionse anatuluka akunena kuti amamva kulira kwinakwake.

Tsono taganizirani za mayi amene nyumba yake ili m'mbali mwa msewu wochoka ku Tete kupita ku Zóbuè. Malole amadutsa usana ndi usiku, iye n'kumagona tulo tofa nato, pamene mlendo wake amachezera kutembenuka. Malolewo sanasiye kulira. Ubongo wa mayiyo unangogamula kuti phokoso limeneli lilibe nkhani, ndiye umalitaya asanalimve. Koma mwana akangotsokomola kamodzi kuchipinda, mayi yemweyo wadzidzimuka. Ubongo umasankha phokoso poona tanthauzo lake, kukula kwake kumabwera pambuyo. Katswiri wina, Pawel Jastreboff, ndi amene mu 1990 anafotokoza kulira kwa makutu mwanjira imeneyi, ndipo chithandizo chophunzitsa ubongo kuzolowera chinachokera pamenepo.

Choncho kuzolowera ndi chigamulo cha ubongo, ndipo chigamulo chimasinthika. Chimasinthika phokosolo likasintha kamvekedwe, ubongo n'kuliona ngati lachilendo. Chimasinthikanso phokoso lili lomwelo koma mwiniwake ali wotopa, wodwala kapena wankhawa. Zikatero pamayambika kamzungulire koipa: munthu waopa, ndiye akumvetsera, akamamvetsera likumveka kwambiri, likamveka kwambiri mantha akuwonjezeka. Akatswiri akayeza kuliraku ndi makina m'madesibelo, muyezo wa kukula kwa mawu, nthawi zambiri amapeza kuti kumangoposa ndi madesibelo 5 mpaka 10 kamawu kochepetsetsa kamene khutulo lingamve, ngakhale kwa munthu amene akuti m'mutu mwake muli chigayo. Munthuyo sakunama. Mantha ndi amene akukuza zimene akumva.

Zosayenera kugona nazo

Musanayambe za kudekha, onetsetsani kuti palibe changozi. Khutu limodzi likagontha mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku osapitirira 3, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ambiri amachedwa poganiza kuti ndi phula kapena madzi amene analowa posamba. Mankhwala ake, a gulu la prednisolone, amathandiza akayambidwa msanga, makamaka m'masabata 2 oyambirira, ndipo masabata akamapita mwayi umacheperachepera.

Pali kanjira kodziyeza nokha. Tsekani pakamwa n'kutulutsa mawu akuti mmmm. Mawuwo akamveka kwambiri kukhutu lotsekekalo, kawirikawiri ndi phula kapena madzi kuseri kwa mwinikhutu. Akathawira kukhutu labwinolo, vuto lili m'kati mwenimweni, ndipo limenelo ndi lothamangira. Kuti mumvetse mmene zimakhalira, tsekani khutu labwinobwino ndi chala n'kuchita zomwezo, mumva mawu akukhamukira kumene mwatsekako. Kayezedwe kameneka ndi kongokufulumizitsani, si kokuuzani kuti mukhale pakhomo.

Phokoso logunda motsatana ndi mtima, lija la fuu, fuu, fuu, ndi nkhani inanso. Gwirani mtsempha wa padzanja muyerekeze. Likamayendera limodzi ndi kugunda kwa mtima ndiye kuti likuchokera ku kayendedwe ka magazi: kuthamanga kwa magazi kumene timati tensão, kuchepa magazi pambuyo pa malungo kapena pobereka, chithokomiro, mwinanso mtsempha wa m'khosi kapena wa m'mutu. Loterelo kawirikawiri lili ndi choyambitsa chimene chimapezeka, ndipo nthawi zambiri chimachizika. Mayi woyembekezera amene akumva zimenezi pamodzi ndi mutu waukulu, kuona zachimbuuzi kapena kutupa nkhope asadikire tsiku la sikelo.

Pitaninso kuchipatala ngati khutu limodzi lokha ndi limene likulira ndipo kumva kwake kukuchepa, ngati pali chizungulire chogwetsa, nkhope yapotokera mbali imodzi, mwavulala mutu pangozi ya njinga yamoto, kapena khutu likutuluka mafinya ndi kutupa kuseri kwake. Ndipo ngati kuliraku kwafika pokupatsani maganizo odzipha, uzani wachibale ndi achipatala lero lomwe. Zimachitika, si zamanyazi, ndipo thandizo lake lilipo.

Yambirani ku centro de saúde. Pemphani ayang'ane m'khutu ndi kounikira, ayeze tensão ndi kuchuluka kwa magazi. Akaona kuti n'zofunika, akulemberani guia de transferência yopita kumene kuli dokotala wa makutu, amene amatchedwa otorrino, ndi kumene amayeza kumva, kuyeza kumene amati audiometria.

Chasintha n'chiyani?

Pamene changozi palibe, bwererani m'mbuyo masabata awiri kapena atatu n'kudzifunsa chimene chasintha. Kawirikawiri chimapezeka.

Phokoso ndilo loyamba kuganiziridwa. Muyezo umene ambiri amatsata kuntchito ndi wakuti madesibelo 85 khutu limapirira maola 8, ndipo mukawonjezera 3 nthawiyo imadulidwa pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, 94 ndi ola limodzi, ndipo 100 ndi mphindi 15 zokha. Simukusowa makina kuti mudziwe. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima pamtunda wa mkono umodzi akumveni, pamenepo papitirira kale. Chigayo, jenereta, makina a kumgodi wa malasha ku Moatize, kuswa miyala ya golide, kudula zitsulo, njinga yamoto yoboola sailensa, masipika a kubala ngakhale a kutchalitchi, zonsezi zimafika pamenepo. Kulira kobwera chifukwa cha usiku umodzi waphokoso kumaphwa m'maola ochepa mpaka masiku awiri, nthawi zina masabata angapo. Koma kubwerezabwereza kumasiya chilema.

Phula ndi chinthu chonyozeka chimene chimavutitsa ambiri. Likatseka njira, mawu akunja amachepa ndipo za m'kati zimamveka poyera. Kachitsotso ka machesi, nthenga ya nkhuku, kiyi kapena timitengo ta thonje zimangolikankhira m'kati, mwinanso kuboola mwinikhutu. Lifewetseni ndi mafuta a olive kapena madontho ogula ku farmácia: madontho 2 kapena 3, kawiri patsiku, kwa masiku 3 mpaka 5, mutagona chammbali kwa mphindi 5 kuti alowe. Poyamba khutu limatha kutsekeka kwambiri chifukwa phula limafufuma, musadabwe. Likapanda kutuluka lokha akakutsukeni kuchipatala. Musathire kalikonse ngati khutu likupweteka, likutuluka mafinya, kapena munauzidwapo kuti mwinikhutu anabooka. Mafuta otentha, palafini ndi madzi a masamba zawononga makutu ambiri kuposa amene zachiza.

Chimfine cha m'nyengo yozizira ku Angónia ndi ku Tsangano chimatseka kanjira kolumikiza khutu ndi kukhosi, madzi n'kudzadza kuseri kwa mwinikhutu. Chimfine chimatha, koma madziwo amatha kutsala masabata angapo, ndipo kulira kumatsika pamene iwo akuphwa. Ngakhale kutsika pa chapa kuchokera kumapiri kupita kuchigwa cha Zambezi muli ndi chimfine kumatha kutseka makutu kwa tsiku lonse. Kumeza malovu pafupipafupi panjira kumathandiza.

Mankhwala ndiye ofunika kuwaonetsetsa. Kwinini amaliza makutu, achikulire onse akudziwa, ndipo kulirako kumatha munthu akamaliza kumwa. Asipirini wambiri amachitanso chimodzimodzi, komanso ibuprofen ndi diclofenac akamamwedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana kapena mawondo. Oopsa ndi majakisoni a gulu la gentamicin, streptomycin, amikacin ndi kanamycin, chifukwa amenewa amatha kupha timaselo tija mpaka kalekale, ndipo kulira kwa khutu kumakhala chenjezo loyamba. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti kanamycin ndi capreomycin asiyidwe pochiza TB yosamva mankhwala. Ngati mukubayidwa jakisoni woteroyo ndipo khutu layamba kulira, uzani amene akukubayaniyo jakisoni wotsatira asanafike. Komanso nenani msanga kulikonse kumene akukulemberani mankhwala kuti makutu anu ali ndi vuto kale. Chimene simuyenera kuchita ndi kusiya nokha mankhwala a TB, a malungo, a tensão kapena ma ARV. Amene anazolowera diazepam, piritsi logonetsa ndi lochepetsa nkhawa, asamusiye kamodzin'kamodzi, chifukwa kusiya kotero kumakuza kulira. Amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala.

Nsagwada ndi khosi anthu saziganizira. Lumani mano mwamphamvu, kankhirani chibwano kutsogolo, potolozani khosi uku ndi uku. Kulira kukasintha, musaope, ambiri amatero, chifukwa minyewa ya m'malo amenewa imakumana ndi ya kumva mu ubongo. Koma ngati kulira kwakula panthawi imene mwakhala mukusenza zigubu za malita 20 kapena matumba a mbatata, mukukukuta mano kutulo, kapena mwalimbana ndi nzimbe ndi chimanga chokazinga, pumitsani nsagwada masabata awiri. Idyani zofewa, thowani ndi nsalu yofunda mphindi 10 mpaka 15 kawiri patsiku, ndipo mukakhala chete milomo igundane koma mano asagundane.

Chotsala ndi tulo ndi nkhawa, ndipo zimenezi zimapezeka kawirikawiri. Kutentha kwa ku Tete mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40, kumalanda tulo usiku wotsatizana. Kuchezera pamaliro, ngongole ya feteleza, kudikira malonda a fodya, zonsezi zimadzutsa ubongo kuti uzilondera chilichonse. Palinso china chodabwitsa: bata. Bambo amene wagwira ntchito yaphokoso zaka zambiri akapuma n'kubwerera kumudzi, usiku wa zii uja ndi umene umamuululira kulira kumene ankakhala nako kalekale. Ngakhale magetsi kungozima feni n'kuima, ena amayesa matenda akula.

Kuzoloweranso

Thandizo loyamba ndi kupewa bata lenileni. Ikani kaphokoso kofatsa kosasinthasintha: feni, wailesi yoikidwa pakati pa masiteshoni, mawu a mvula ojambulidwa mufoni. Apa ambiri amalakwitsa pokweza mpaka kulira kwa khutu kuphimbikiratu. Zimapumitsa kwa kanthawi, ndipo pa usiku woipitsitsa palibe cholakwika, koma ubongo sungazolowere chimene sukuchimva, ndipo mukazimitsa kulira kumamveka kwambiri. Kwezani pang'onopang'ono mpaka pamene maphokoso awiriwo ayamba kusakanikirana koma kulira kukumvekabe chapansipansi, n'kulekera pomwepo. Usiku gwiritsani sipika yoikidwa chapatali, osati mahedifoni, ndipo izilira mpaka m'mawa kuti mukadzidzimuka pakati pa usiku musapeze kuli zii.

Cholakwika chachiwiri ndi kutseka makutu paliponse. Munthu amene wachita mantha amayamba kuvala zotsekera kumsika, m'nyumba, ngakhale pogona. Ubongo ukamanidwa mawu umakwezanso voliyumu ija, ndipo pakangotha masabata angapo kugundana kwa mbale kapena kulira kwa mwana kumatha kuyamba kupweteka. Zotsekera ndi za pamalo aphokoso lenileni basi, ndipo pamenepo zivalidwe bwino. Kasiponji kotsekera khutu kapotokoleni ndi zala zoyera mpaka kaonde ngati kamtengo, dutsitsani dzanja lina pamwamba pamutu n'kukokera khutu m'mwamba chakumbuyo, lowetsani, gwirizani ndi chala masekondi 30 kuti kafufumire m'kati. Kakamaonekera kwambiri kwa munthu amene wakuyang'anani kutsogolo ndiye kuti sikanalowe. Kuvula kwa mphindi zochepa zokha chigayo chikulira kumachotsa gawo lalikulu la chitetezo cha tsiku lonse. Thonje louma silitchinga kwenikweni. Kuukwati khalani kutali ndi sipika, ndipo muzituluka panja kukapumitsa makutu.

Chachitatu n'chovuta kuchisiya: kumangoliyang'anira. Kudzuka m'mawa n'kuyamba kumvetsera ngati lilipo, kutseka makutu ndi zala kuti muyerekeze ndi dzulo, kulowa m'chipinda chabata kukaliyeza. Nthawi iliyonse mukatero mukuuza ubongo kuti phokosoli ndi lofunika, ndipo iwo umamvera. Ngati mukufuna kupeza choyambitsa, lembani kamodzi patsiku, madzulo, kwa masabata awiri: mmene munagonera, phokoso limene munakumana nalo, mankhwala amene mwamwa. Akatha masabata awiriwo tsekani kabukuko.

Pa njira zonse zimene zafufuzidwa, imene ili ndi umboni wolimba ndi uphungu wosintha kaganizidwe ndi kachitidwe, umene akatswiri a maganizo amautcha CBT. Suchepetsa phokoso lenilenilo, umachepetsa kuzunzika nalo. Mutu wake ndi kugwira ganizo limene limabwera kulira kukakula n'kulifunsa umboni. Ganizo likati "ndigontha," yankho loona ndi lakuti kulira pakokha sikugonthetsa munthu. Likati "sindidzazoloweranso," funsani kuti nanga poyamba paja munazolowera bwanji, ndi ubongo wa ndani. Kenako bwererani ku zimene munasiya, kudimba, kukwaya, kubawo, ngakhale khutu likulira. Kudikira kuti liyambe lasiya ndiye kumalitalikitsa. Kumene kuli psicólogo kapena técnico wa matenda a maganizo, pemphani kuonana naye, makamaka ngati nkhawa kapena kukhumudwa kwakhazikika.

Pa tulo, dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mutagona moipa, ndipo musabwezere ndi tulo tambiri tamasana. Mukakhala maso mphindi ngati 20, tulukani pabedi, khalani pampando ndi kaphokoso kanu kaja, mubwerere tulo tikabwera. Mtima ukamathamanga, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi 5. Kachasu amagonetsa msanga koma amadzutsa mbandakucha, nthawi imene kunja kuli zii ndipo khutu lili pachimake.

Za zakudya sitichedwapo. Palibe umboni wabwino wakuti khofi kapena tiyi amakulitsa kulira kwa aliyense, ndipo kusiya khofi mwadzidzidzi kumangobweretsa mutu. Chepetsani mchere ngati muli ndi tensão. Mankhwala ochotseratu kulira kwa makutu sanapezeke. Mankhwala a masamba a mtengo wa Ginkgo biloba, amene amagulitsidwa kwambiri m'dzina limeneli, anayesedwa ndipo sanaonetse phindu loposa mapiritsi opanda mankhwala. Wina akakulonjezani madontho kapena makapisozi othetsa vutoli m'masiku 7, sungani meticais anu. Chimene chimathandizadi kwa amene kumva kwawo kwachepa ndi kachipangizo kothandiza kumva, chifukwa kamabwezera ubongo mawu amene umawasowa. Ngati mwayamba kufunsa kuti "mwati bwanji?" pafupipafupi, kapena simukumva bwino pagulu, kayezetseni ngakhale munayezetsapo zaka zapitazo.

Nanga zimatenga nthawi yaitali bwanji? Kukwera kobwera ndi phokoso, chimfine kapena mankhwala kumatsika m'masiku kapena m'masabata. Kuzolowera kwathunthu, mwa njira ya Jastreboff, kumawerengeredwa chaka chimodzi mpaka ziwiri, koma kwa amene anazolowerapo kale ulendo wachiwiri ungathe kukhala waufupi, ngakhale pamene phokoso latsala lokwererapo kuposa kale. Siziyenda mowongoka: masiku atatu abwino, limodzi loipa, kenako asanu abwino. Poyamba chimene chimasintha ndi mtima, umaleka kudumpha mukalimva. Kenako mumayamba kupeza kuti mwatha ola, mwina m'mawa wonse, osaliganizira. Pakatha miyezi itatu popanda kusintha kulikonse, bwererani kuchipatala akaonenso.

A pabanja nawonso ali ndi mbali yawo. Funso lachikondi lija lakuti "nanga khutu lero likuti bwanji?" limabwezera munthu kukamvetsera pamene anali ataiwala. Gwirizanani kuti mwiniwake ndi amene aziyambitsa nkhaniyo akafuna, ndipo amene mumagona naye chipinda chimodzi avomere kuti feni kapena kawailesi kazilira usiku wonse kwa miyezi ingapo.